Chimene Geoffrey Ankakanira Kunyamula Mwana

Sophie anakwanitsa miyezi itatu bambo ake asanamunyamulepo ngakhale kamodzi.

Zinachitika m'chaka cha 2006, m'mudzi wina kufupi ndi Ndunde. Bambo a mwanayo, Geoffrey, anali mkamwini pamudzipo, kwawo kunali ku Milepa. Anali munthu wa dimba. Tomato wake ankapsa wa anzake adakali maluwa, ndipo apongozi ake sankasowa chomutamira. Iye ndi mkazi wake Easter anadikira mwana zaka zinayi. Mimba itaoneka, Geoffrey ndiye ankanyadira kuposa mwini mimba. Koma tsiku limene Easter anatuluka m'chikuta n'kumupatsira khandalo, mwamunayo anabweza manja kumsana.

"Dikirani kaye, amake mwana, ndisambe m'manja," anatero.

Anasamba. Anapukuta manjawo, n'kuwayang'ana, n'kusambanso. Atamaliza kachitatu ananena kuti wakumbukira kanthu kudimba, ndipo anatuluka. Kuyambira tsiku limenelo zinkangokhala choncho. Sopo amene kale ankatha mwezi anayamba kutha pa sabata imodzi. Manja ake anachita ming'alu mpaka kutuluka magazi. Mwana akalira iye ali pafupi, ankaimirira, n'kuzungulira mphasa, n'kuitana mkazi wake, koma osamukhudza.

Panalinso nkhani ya kudimba. Ankapita m'mamawa, n'kubwera, asanakhale n'komwe pansi n'kubwereranso. Tsiku lina Easter anawerenga maulendo asanu ndi awiri dzuwa lisanafike pamutu.

Tinene zoona, Easter nsanje anali nayo kuyambira kale. Mwamuna wake akangopatsa mayi wina moni wautali kutchalitchi, ndiwo za tsiku limenelo zinkawawa mchere. Tsono njira ya kudimba inkadutsa pakhomo pa Albertina, mayi wamasiye wosalala nkhope, amene anadzipereka kuyenda m'makomo kusamalira odwala m'mudzimo. Albertina ankaseka ndi aliyense, ndipo Easter sankakondwa nako kasekedwe kakeko.

Amene anasonkhezera moto anali amayi ake a Easter, a Magdalena. Masana ena awiriwo akusenda nandolo pakhonde, mayi achikulirewo anayang'ana uku ndi uku, kenako anatsitsa mawu.

"Iwe Easter, maso uli nawo koma suona. Mwamuna wokana kunyamula khanda lake unamuonapo kuti?"

"Amati manja awo ndi akuda, amama."

"Akuda ndi chiyani? Mwanawe, mwamuna akayenda kunja mkazi wake ali ndi khanda, thupi lake limatentha. Akakhudza mwana amamutsempha, mwana n'kutupa, n'kuyamba chifuwa. Iyeyo akudziwa chimene wachita. Akuopa kupha mwana, n'chifukwa chake akungosamba ngati bakha. Galu wamkota sakandira pachabe, ine ndaona zambiri."

Easter anasiya nandolo uja. Zonse zinalumikizana m'mutu mwake: kusamba, kukana mwana, ndi maulendo osatha a njira yodutsa kwa Albertina. Nsanje inamugwira. Kuyambira pamenepo chilichonse chinasanduka umboni. Albertina akavala chitenje chatsopano, Easter ankadziwa amene wagula. Akamuona ndi tomato m'mbale, ankadziwa dimba limene wachokera. Ankamuona m'maganizo akuseka, akupatsa Geoffrey madzi osamba, pamene iye ali pano ndi matewera ndiponso tulo tosakwanira. Pansi pa nsanjeyo panalinso mantha, pakuti zaka zimenezo maliro a matenda opatsirana pogonana anali ochuluka m'midzi.

Lachiwiri m'mawa Easter anaima pakhomo, mwana ali m'manja, n'kumutsekera njira mwamuna wake.

"Abambo a Sophie, nyamulani mwana wanu."

"Ndibwera, ndikaone kaye kudimba."

"Kudimba kwake kuti? Ngati thupi lanu lili bwinobwino, ngati simunayende kunja, nyamulani mwanayu pompano ndione."

Geoffrey anatambasula manja pang'ono. Thukuta linali kamukamu pamphumi ngakhale kunali kozizira. Anayang'ana mwana, anayang'ana manja ake, ndipo anawabweza.

"Sindingathe," anatero chapansipansi.

"Ndiye ndiuzeni dzina lake. Ndi uja wa panjira uja eti? Uja woseka ndi amuna a eni ake?"

Geoffrey anangoti chete, maso ali pansi.

"Fisi akagwa m'mbuna salankhula," anatero Easter, misozi ili mbwembwembwe. "Loweruka ndaitana ankhoswe. Amalume anga a Jonathan abwera. Munabwera pano ndi khasu ndi bulangeti, mudzapita nazo zomwezo."

"Chabwino," anayankha Geoffrey. "Mwina mwanayu akhala bwino ine nditachoka."

Mawu amenewo anamulasa Easter kuposa kutukwana. Iye anamva kuti mwamunayo akufulumira kupita kwa mkazi winayo, ndiponso kuti sakufuna n'komwe kulimbira banja lake.

Lachinayi Easter anaganiza zokawagwira yekha, kuti Loweruka adzakhale ndi chonena pamaso pa ankhoswe. Geoffrey atatuluka ulendo wachitatu, iye anabereka mwana n'kumutsatira chapatali. Atayandikira kwa Albertina anabisala kuseri kwa nthochi. Geoffrey anafika pakhomo paja, n'kudutsa osacheuka, ngati palibe nyumba. Easter sanakhutire. Anati mumtima, "Andiona, akundinamiza." Anatuluka m'nthochi muja n'kulunjika pabwalo pamene Albertina ankayanika chinangwa.

"Inu Albertina, amuna atha m'dziko muno kuti muzitenga wanga?"

Albertina anaimirira, manja ali mbuu ndi ufa wa chinangwa. Poyamba anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona nkhope ya Easter, kuseka kunatha.

"Ine ndi bambo a Sophie? Achemwali, moni weniweniyo sandipatsa. Amadutsa apa ngati akuthamangitsidwa."

"Nanga tomato mumadya uja?"

"Ndimagula ku Ndunde. Kudimba kwanu kulibe tomato woti munthu n'kudya. Kodi mwapitako liti?"

Easter anali asanapondeko chibadwire mwana.

"Ndakhala ndikufuna kukuuzani," anapitiriza Albertina, "koma mukandiona mumatembenuza nkhope. Tiyeni mukaone nokha. Mukatero mubwere mudzanditukwane bwino."

Anatsetsereka limodzi n'kukaima pachulu pamene dimba lonse linkaoneka. Easter anagwira pakamwa. Tomato uja wotamandika anali atafiira masamba, akangaude atamuluka ukonde. Patsinde pa mtengo wa gwafa Geoffrey anali atagwada, akukumba ndi manja. Anafukula jumbo, mkati mwake munali jumbo ina, ndipo mkati mwa imeneyo munali botolo la mankhwala opopera tomato. Analimbitsa chitsekerero chake, n'kuliyang'anitsitsa padzuwa, n'kulimbitsanso. Analikulunga, n'kulikwirira, n'kupondapo. Anapita pachitsime n'kutsuka manja ndi sopo ndi mchenga. Kenako ananyamuka ulendo wa kunyumba. Atayenda mapazi ngati makumi awiri anaima. Anagwira mutu ndi manja onse awiri, n'kubwerera pagwafa paja, n'kuyambanso kukumba.

"Tsiku lililonse ndi zimenezi," anatero Albertina. "Botololo sanalitsekulepo chibadwire Sophie. N'chifukwa chake tomato wafa."

Easter anatsika pachulu. Geoffrey atamuona anadzidzimuka, n'kubwerera m'mbuyo.

"Musayandikire ndi mwana! Pano pali mankhwala!"

"Abambo a Sophie, botolo ndi lotseka, lili m'majumbo awiri, pansi pa dothi. Chikukuvutani n'chiyani? Ndiuzeni lero, ndakupemphani."

Geoffrey anakhala pansi padothi pomwepo ndipo analira ngati mwana. Kenako anayamba kufotokoza.

"Tsiku lija munandipatsira mwana, m'mutu mwanga munabwera chithunzi. Ndinamuona Sophie akutuluka thovu kukamwa, atafa ndi mankhwala ochoka m'manja mwangamu. Sindinachifune chithunzicho. Ndimachithamangitsa, chimabweranso. Ndikasamba mtima umatsika pang'ono, kenako china chimandiuza kuti sindinasambe bwino. Ndikakwirira botolo, chimati chitsekerero chamasuka. Ndimadziwa kuti ndatseka, amake Sophie. Ndimadziwa ndithu. Koma mtima sumva."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikananena kuti chiyani? Kuti ndimaona mwana wanga atafa? Anthu akanati ndikufuna kukhwimira tomato ndi mwana. Mwinanso ndinedi mfiti osadziwa. Bola mundinene wachigololo, ndipite kwathu, mwana akhale moyo."

Easter anakhala pansi naye. Manyazi ndi chisoni zinamugwira pamodzi. Miyezi itatu yonse iye ankalimbana ndi mkazi amene kunalibe, mwamuna wake akumira yekha.

Albertina anali atafika pambali pawo. "Achimwene, inu si mfiti," anatero. "Mfiti silira chonchi chifukwa cha mwana. Pamaphunziro athu a zosamalira odwala anatiuzapo za matenda a mtundu umenewu. Ine sindiwadziwa bwino, koma alipo amene amawadziwa. Mawa ndi Lachisanu loyamba la mwezi, kuchipatala kwathu kuno kumabwera namwino woona za matenda a maganizo kuchokera kuboma. Dzina lawo ndi a Sabiti."

"Ndiye kuti ndapenga?" anafunsa Geoffrey.

"Wopenga sadziwa kuti zimene akuchita n'zachilendo. Inu mukudziwa. Pitani mukamve."

Madzulo a tsikulo Easter anauza amayi ake kuti ankhoswe adikire kaye. A Magdalena anapukusa mutu. "Chigololo chili ndi mapiritsi masiku ano?" anatero. Koma uthenga kwa amalume a Jonathan anatumiza.

M'mawa mwake atatuwo, Geoffrey, Easter ndi mwana kumsana, anakakhala pabenchi ya kuchipatala. A Sabiti anali bambo wamfupi wa imvi m'mbali, wolankhula mosathamanga. Anamvetsera nkhani yonse osadula. Kenako anafunsa mafunso awo. Kodi maganizowa amabwera mwa kufuna kwanu? Ayi. Mumamva mawu a anthu amene ena sakuwamva? Ayi. Munafunapo kumupweteka mwanayu? Geoffrey anadumpha ngati wapsa. Zimakudyerani maola angati patsiku? Pafupifupi tsiku lonse. Kwanu alipo wina wotere?

Geoffrey anaganiza kanthawi. "Malemu amayi anga ankabwerera panjira katatu kanayi kukaona ngati moto wazima kukhitchini. Maliro ambiri ankafika mochedwa. Tinkangowaseka."

A Sabiti anagwedeza mutu. "Bambo, matenda anuwa ndi odziwika, ndipo si inu nokha. M'mabuku mwathu amawalemba kuti OCD. Ife tingoti matenda a maganizo okakamira. Ali ndi miyendo iwiri. Woyamba ndi ganizo loipa limene limabwera lokha, munthu osalifuna, n'kumamuopseza. Wachiwiri ndi chinthu chimene munthu amachita mobwerezabwereza kuti mantha aja atsike. Inu ndi kusamba ndi kufukula botolo. Ena amabwerera kukaona loko kakhumi. Ena amawerenga mapazi awo. Ena amabwereza pemphero limodzi mpaka nthawi ya ntchito kutha, poopa kuti alakwitsa liwu."

"Chimayambitsa n'chiyani, adokotala?" anafunsa Easter. "Alodzedwa?"

"Ayi mayi. Gwero lake lili mu ubongo. Muli ndi galu pakhomo panu?"

"Alipo."

"Mu ubongo wa munthu aliyense muli mbali imene imagwira ntchito ya galu. Ikaona choopsa imauwa. Munthu akachitapo kanthu, mbali ina imati basi zatha, galu n'kugona. Mwa bambowa galu amauwa ndi tsamba lomwe, ndipo mbali yomuletsa ija siifikitsa bwino uthenga. Mbali za ubongo zimatumizirana uthenga ndi timadzi tina ta m'thupi, tina mwa ito timatchedwa serotonini. Njira imeneyi ikasokonekera, uthenga woti zatha sufika. Nthawi zambiri zimayenda kumtundu, monga mwamva za amayi awo. Munthu atha kukhala nazo pang'ono osadziwa, kenako pakachitika chachikulu, monga kubadwa kwa mwana amene anamudikira zaka zinayi, matenda n'kudzuka."

Anatembenukira kwa Geoffrey. "Ndipo mumve ichi. Matendawa amaluma pamene munthu amakonda kwambiri. Wopemphera amamubweretsera maganizo onyoza Mulungu. Inu akubweretserani imfa ya mwana chifukwa mwanayu ndiye mtima wanu. Ganizo si chifuniro. Anthu odwala chonchi si amene amapweteka ana."

Geoffrey anaphimba nkhope ndi manja ake ong'ambikawo. Mapewa ake anagwedezeka.

Koma Easter anali Easter. Anasendeza benchi pang'ono. "Adokotala, pepani. Ndiye mukutsimikiza kuti palibe mkazi wina?"

A Sabiti anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mayi, makina oyezera zimenezo boma silinatipatse. Koma tandiuzani, munthu amene amathera tsiku lonse pakati pa chitsime ndi mtengo wa gwafa, chibwenzi angachipezere nthawi yanji?"

Easter anaseka nawo, koyamba pa masabata ambiri. Anafunsanso za tsempho. A Sabiti anayankha mwaulemu kuti mwana akatupa kapena kutsokomola, kawirikawiri chimakhala chakudya chosakwanira kapena matenda ena ochizika, ndipo azithamangira naye kuchipatala osayamba kufufuza wolakwa.

"Tsopano chithandizo," anatero. "Chili pawiri. Choyamba ndi mapiritsi awa. Limodzi m'mawa uliwonse. Amathandiza uthenga uja kuyenda bwino mu ubongo. Sagwira ntchito lero ndi lero, pamatenga masabata asanu ndi limodzi, mwina mpaka khumi ndi awiri. Masiku oyamba mutha kumva nseru kapena mutu. Zikakula bwerani, koma musasiye panokha, ngakhale mutamva bwino."

"Chachiwiri n'chiyani?"

"Chachiwiri n'chowawa, koma ndicho chimachiritsa kwambiri. Kusamba kwanuko kuli ngati kukanda mphere. Pokanda mumamva bwino, koma zilonda zimakula. Nthawi iliyonse mukabwerera kukafukula botolo, mumamuuza galu uja kuti anauwa zoona. Tsono tizichita chimene mumaopa, pang'onopang'ono, popanda kubwereza. Mankhwala a tomato ndi oopsadi, zimenezo sitikana. Mukapopera, sambani ndi sopo kamodzi bwinobwino, sinthani zovala, botolo musunge potalikira ana. Kamodzi. Mantha adzakwera, mudzatuluka thukuta. Khalani pansi muwadikire. Amatsika okha, ndipo tsiku lililonse adzatsika msanga kuposa dzulo."

Anagwirizana masitepe. Sabata yoyamba, kusamba kamodzi pochoka kudimba, ndi kuona botolo kamodzi kokha patsiku. Sabata yachiwiri, kugwira thewera la mwana lochapa. Kenako kugwira phazi la mwana. Kenako dzanja. Kunyamula kunali kumapeto.

"Inunso mayi muli ndi ntchito," anatero a Sabiti. "Azikufunsani kuti, kodi manja angawa ayera? Kodi ndatseka? Musayankhe kawiri. Musawapatsenso sopo. Koma musawakalipire kapena kuwaseka. Muzingoti, awo ndi matenda aja, tiyeni tikhale pansi adutse. Ndipo mwezi uliwonse muzibwera kuno nonse."

Kunena n'kosavuta. Tsiku loyamba Geoffrey anasamba kamodzi n'kukhala pakhonde manja ali pamaondo. Anafunsa kasanu ngati manja ayera. Easter anayankha kamodzi, kenako analuma mlomo n'kukhala naye pambali. Panapita pafupifupi ola mantha asanatsike. Koma anatsika, ndipo Geoffrey anadabwa.

Sabata yachitatu zinabwerera m'mbuyo. Sophie anadwala chimfine tsiku lotsatira bambo ake atamugwira phazi. Geoffrey anathawira kudimba n'kukafukula botolo kasanu ndi kamodzi. A Magdalena anati, "Ndinanena ine." Anayamba kubwera m'mawa uliwonse kudzatsina masaya ndi mapazi a mdzukulu wawo kuona ngati atupa. Easter anapita ndi mwana kusikelo, anamuyeza, ndipo chinali chimfine wamba chimene chinagwira ana theka la mudzi. Patatha masiku anayi chinatha. Mapazi sanatupe.

Nsanje nayo sichoka tsiku limodzi. Albertina ankabwera kawiri pa sabata kudzaona ngati mapiritsi akumwedwa, ndipo Geoffrey, amene tsopano ankatha kuseka, ankaseka naye. Easter ankangotembenuza nkhope. Tsiku lina, Albertina akutsanzika, Easter anamuperekeza mpaka panjira.

"Achemwali, ndinakulakwirani," anatero. "Ndinakunenani kumjigo, ndinakunenani kutchalitchi. Mpaka lero mukaseka ndi bambo a Sophie mtima wanga umadumpha, sindibisa."

"Ndimaona," anayankha Albertina. "Nkhope yanu siisunga chinsinsi. Kumjigo ndi kutchalitchi komweko mukakonze dzina langa. Ndine wamasiye, ndilibe wondiyankhulira."

Easter anakonzadi. Lamulungu lotsatira anaimirira pagulu la amayi n'kunena yekha kuti ananamizira munthu wosalakwa. Sichinali chinthu chopepuka kwa munthu wa mtima ngati wake.

Mapiritsi anayamba kugwira mwezi wachiwiri uli kumapeto. Chithunzi chija chinkabwerabe, koma mwa apo ndi apo, ndipo sichinkaluma ngati kale. Geoffrey anazula tomato wakufa, anafesa wina, ndipo itafika nthawi anatsekula botolo n'kupopera. Anasamba kamodzi, anasintha malaya, n'kubwera kunyumba.

Tsiku lonyamula linafika Sophie ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Linali Lachitatu masana. Geoffrey anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, a Magdalena ali chapatali akupeta, koma diso lili komweko. Easter anamasula mwana kumsana n'kumuika pamiyendo pa bambo ake.

Sophie anayang'ana nkhope ija, n'kukwinya pakamwa, n'kuyamba kulira. Analira mokuwa, akutambasulira manja kwa amayi ake. Sankawadziwa manja amenewa. Kwa iye bamboyu anali mlendo amene amangozungulira mphasa.

Nkhope ya Geoffrey inagwa. "Mutengeni," anatero. "Mwina ndamupweteka. Mwina m'manjamu..."

Manja a Easter anali atayamba kale kupita kwa mwana. Anawabweza, n'kuwapinda pachifuwa.

"Awo ndi matenda aja, abambo a Sophie. Mwanayu akulira chifukwa sakudziwani. Mudziwitseni."

Geoffrey anamuyangata mwanayo n'kumutsamiritsa paphewa. Thukuta linali kutsika, mwana akulira, iye akumusisita pamsana. Sankadziwa nyimbo iliyonse yotonthozera mwana, choncho anayamba kuimba ya kwaya, mawu ake akusweka. Panapita nthawi yaitali. Kulira kunasanduka kusisima. Kenako kadzanja kanagwira kolala ya malaya ake, mutu n'kulemera paphewa. Sophie anagona.

A Magdalena anasiya lichero. Anabwera n'kuima patsogolo pa mkamwini wawo, n'kumuyang'ana nthawi ndithu.

"Bambo," anatero, "mutu muugwirizize chonchi, khosi lingapindike." Anakonza dzanja la Geoffrey ndi dzanja lawo. Pobwerera ku lichero ankapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akunamizira mankhusu.

Geoffrey anapitiriza kumwa mapiritsi kupitirira chaka, ndipo anawasiya pang'onopang'ono a Sabiti atamuuza. Maganizo aja amabwerabe nthawi zina, makamaka akatopa kapena mwana akadwala. Koma tsopano amawadziwa, amawasiya adutse, ndipo akaona kuti akukula amabwerera kuchipatala msanga.

Phunziro lake ndi ili. Munthu akamasamba, kuona loko, kuwerenga kapena kubwereza chinthu mpaka ntchito ndi banja kuwonongeka, ndipo iye mwini akuvutika nazo koma akulephera kusiya, amenewo atha kukhala matenda a maganizo okakamira. Si ufiti, si chilango cha tchimo, ndipo si umboni wa chigololo. Amachokera mu ubongo, ndipo ali ndi chithandizo: mapiritsi, ndi kuphunzira kukumana ndi mantha osabwereza. Odwala ambiri amabisa chifukwa cha manyazi. Tisanaweruze, tifunse modekha, timvetsere, ndipo tipite naye kuchipatala.

Easter amanena zimenezi yekha kwa amayi anzake pamzere wa kusikelo, ndipo sadzikometsera. "Ine ndinali ndi umboni wokwanira," amatero. "Ndinali ndi dzina la mkazi, ndinali ndi ankhoswe, ndinali ndi tsiku. Chimene ndinalibe ndi funso limodzi lofunsidwa mwachikondi. Kunatsala masiku awiri okha kuti ndithamangitse munthu wodwala, amene ankalolera kutaya banja kuti mwana wathu akhale moyo."